Ndinanong'oneza Mpaka Holo Yonse Inamva

1

Dzina langa ndine Persida, mkazi wa a Radivoje Lukin. Ngati munakhalako ku Sombor kapena ku Kikinda cha m'ma 1900, amuna angawo mukuwadziwa, mwinanso munawaombera m'manja mpaka zikhatho kuwawa. Ine simunandionepo. Ntchito yanga inali yoti munthu asandione.

Gulu lathu la zisudzo, la bambo Gavra, linkayenda pa ngolo tauni ndi tauni, n'kumasewera m'maholo a nyumba za alendo. Anthu a m'matauni amenewo sankalola kuonetsedwa sewero limodzi kawiri. Lero la nkhondo, mawa la chikondi, mkuja la mfumu yophedwa ndi mbale wake. Ndani angaloweze zonsezo? N'chifukwa chake panali ine. Kutsogolo kwa nsanja kunali kabokosi kotsegula mbali yoyang'ana osewera, ndipo ine ndinkakhala m'menemo, miyendo pansi pa matabwa, buku pamaondo, n'kumawanong'oneza mawu mzere ndi mzere. Kanyali kanga kanali ndi chotchinga cha chitini kuti kuwala kuzigwera pa buku pokha. Wosewera wodziwa ntchito amangotola mawuwo ndi khutu, n'kuwaponyera anthu ngati achokera pansi pa mtima wake.

Pa kutola kumeneku panalibe wofanana ndi a Radivoje. Mbali yaikulu ya sewero lililonse inali yawo: kazembe wobwerera kunkhondo, mnyamata wokanidwa, kalonga wolandidwa ufumu. Buku sankaligwira n'komwe.

"Persida, lero ndifa kapena ndikwatira?" ankandifunsa akumata ndevu pagalasi.

"Mufa."

"Chabwino. Udzandiuze nthawi yake ikakwana, ndisafe msanga."

Azimayi ankawaponyera maluwa ndi timipango tonunkhira, ena n'kumawadikirira pakhomo amuna awo ali poteropo. Ine sizinkandikhudza. Ndinkadziwa kuti liwu lililonse limene lawaliza azimayiwo linayamba latuluka pakamwa panga. Ndinali wonyada, ndisaname, ndipo ndinkadziona ngati mkazi yekhayo padziko amene mwamuna wake sangachite kanthu popanda iye.

Kenako kunabwera Kosara.

2

Anali mtsikana wa ku Kikinda, wamasiye, woleredwa ndi mlongo wake Dobrosav, mwini butchala pafupi ndi msika. Dobrosav anamulola kutitsatira monyinyirika. Tsiku lomupereka anaima pamaso pa tonse, epuloni ili magazi okhaokha, n'kuloza bambo Gavra ndi chala.

"Ndikudziwa zimene anthu amanena za akazi a zisudzo. Ndikadzangomva kanthu konunkha, ndidzabwera ndekha kudzamutenga, ndipo pa nsanja sadzapondaponso."

Kamtsikanako kanali kamanyazi. Kankapatsidwa timbali ta wantchito wobweretsa madzi, kulowa n'kutuluka. Ine ndinkakakonda, ndipo ndinakapatsa mpango wanga waubweya.

M'nyengo yozizira chaka chimenecho ngolo yathu inatitimira m'chipale chofewa panjira ya ku Sombor. A Radivoje anatsika kukakankha pamodzi ndi anzawo, nsapato zili madzi, ndipo atafika anagona ndi kutentha thupi kwa masabata angapo, akubuula ndi mutu. Anachira, inde. Koma munthu amene anadzuka pa bedi lija sanali yemwe ndinkamudziwa.

Poyamba anasiya kuyang'ana kabokosi kanga. Kale akafuna mawu ankangotembenuzira khutu kwa ine pang'ono, ine n'kudziwa. Tsopano ankaima kutali. Kenako tsiku lina pa chakudya chamasana anauza bambo Gavra kuti mbali yaikulu ya mkazi izipatsidwa kwa Kosara.

"Kamwana aka?" anatero bambo Gavra, supuni ili m'mwamba. "Mawu ake safika n'komwe pamzere wachitatu!"

"Ndati Kosara. Apo ayi, pezani wina wokuferani madzulo ano."

Bambo Gavra anameza msuzi wawo pamodzi ndi mkwiyo. Kosara anazyolika.

Kuyambira pamenepo ine m'kabokosi muja ndinkaona zonse. Maso a amuna anga sankachoka pankhope ya mtsikanayo. Ngakhale pamene iye sanali m'chigawo chimenecho cha sewero, ankaima kuseri kwa katani ya pambali, ndipo a Radivoje ankalankhula mawu awo achikondi atapenya komweko. Kunja kwa nsanja zinali chimodzimodzi. Ndikawaitana pamsewu ndili kumbuyo kwawo, osacheuka. Ndikawanong'oneza kanthu m'tchalitchi, maso ali kuguwa ngati palibe walankhula. Kusamvera anthu anali nako kuyambira kale, paja anthu otchuka amamva mawu awo okha. Koma ine anali asanandichitepo zimenezo.

Mayi Stamena, amene ankasewera mbali za apongozi ndi za mfiti, anandipeza ndikusenda mbatatesi kuseri kwa nyumba ya alendo.

"Mwanawe, pankhopepo uli ndi maso kapena mabatani?"

"Mukutanthauza chiyani, mayi?"

"Ine ndakwatiwapo katatu, amuna onsewo a zisudzo. Mwamuna akayamba kuyang'ana mkazi pakamwa, usamaganize kuti akumuwerenga mano."

Ndinaseka kuti asaone kanthu, koma mpeni unandicheka chala.

3

Masana aliwonse, ena akamagona kapena kumwa khofi, a Radivoje ndi Kosara ankasowa. Ndinawalondola. Ankadzitsekera m'kachipinda kosungiramo zovala za masewero.

Ndinaika khutu pachitseko. Anthu ophunzira sewero amalankhula, amakuwa, amabwereza. Mkatimo munali zii. Ndinadikira. Kenako ndinamva amuna anga akuseka, kuseka kumene ine ndinali nditakusowa kuyambira matenda aja.

"Bwerezanso, pang'onopang'ono," anatero. "Iwe Kosara, popanda iwe ine ndatha."

Ndinasuzumira pamng'alu. Anakhala moyang'anana pa mabokosi a zovala, maondo atagundana. A Radivoje anagwira chibwano cha mtsikanayo ndi zala, n'kutembenuzira nkhope yake kuwindo kuti aione bwino. Sindinadikire kuti ndione zotsatira. Ndinathamangira kukhola la akavalo n'kukalira kumeneko, nditadziluma mpango kuti asandimve.

Madzulo ake, tisanapite kuholo, ndinawafunsa m'chipinda chathu.

"Mumakachita chiyani ndi kamtsikana kaja?"

Nkhope yawo inafiira mpaka m'khosi. "Timaphunzira."

"Maphunziro anji opanda mawu? Inu buku munayamba mwaligwirapo liti?"

"Persida, usandifunse. Ndakupempha."

"Ndisafunse? Ndakalamba, eti? Ndanunkha utsi wa nyali?"

"Si zimenezo."

"Nanga ndi ziti?"

Anangopukusa mutu. Misozi inayamba kubwera, ndipo posafuna kuti aione ndinatembenukira kukhoma. Ndili choncho ndinalankhula chapansipansi mawu amene anandilemera kuposa onse amene ndinanong'onezapo.

"Ngati simukundifunanso, ingonenani. Koma ngati mukadandikonda, ndiitaneni dzina langa, basi, ndipo sindidzafunsanso."

Ndinadikira. Kumbuyo kwanga ndinamva akukoka mpando, n'kuyamba kupukuta nsapato zawo. Patapita kanthawi anayamba kuimba mluzu.

Yankho ndinali nditalilandira. Ndinapukuta m'maso, n'kutenga buku langa.

4

Sabata yotsatira tinafika ku Kikinda, pa nthawi ya chikondwerero cha tchalitchi cha kumeneko. Bambo Gavra anali atakonza sewero latsopano, lalitali, la msilikali wolondera mlatho amene ayenera kusankha pakati pa lumbiro lake ndi mkazi wa tsidya lina. Mapepala olengeza anamatidwa pamakoma onse, dzina la a Radivoje lili m'zilembo zikuluzikulu. Nkhuku yomwe inkadziwa kuti Lamlungu kuli sewero.

Lamlungulo m'mawa, anthu akutuluka m'tchalitchi, ine ndinakhotera kubutchala. Ndinapeza Dobrosav kuseri akunola mipeni.

"Mayi Lukin! Mwabwera kudzagula, kapena mwabweretsa moni wa mlongo wanga? Iye sanabwerebe kudzandiona."

"Watanganidwa, bambo Dobrosav."

"Ndamva, akuti wakwera. Mbali zikuluzikulu tsopano."

"Wakweradi. Mwafunsako kuti makwerero ake ndi ati?"

Anasiya kunola. Ndinamuuza za kachipinda, za chitseko chotseka, za maondo ogundana. Sindinaonjezepo bodza ngakhale limodzi, ndipo zimenezo zinandipatsa mphamvu. Mkazi wake ankamvetsera pawindo, pamodzi ndi mayi wina woyandikana nawo, ndipo ine ndinawaona koma sindinatsitse mawu.

Anafika kunyumba ya alendo tili pa chakudya chamasana. Sanapereke moni. Anamugwira Kosara padzanja n'kumudzutsa, mbale ya kabichi n'kugwa pansi.

"Tiye kunyumba, hule iwe! Mayi athu akanakhalapo ukanawapha kachiwiri."

"Achimwene, mwatani? Ndalakwanji?"

"Umakachita chiyani m'chipinda ndi mwamuna wa mwini?"

Kosara anatembenukira kwa amuna anga. "Bambo Radivoje, auzeni! Chonde auzeni zoona!"

A Radivoje anaimirira, nkhope itayera ngati ufa. Anatsegula pakamwa. Anayang'ana bambo Gavra, anayang'ana anzawo onse atazungulira tebulo, anayang'ananso Kosara. Kenako anatseka pakamwa paja.

"Nena wekha!" anakuwa Dobrosav.

"Sindinganene, achimwene. Ndinalumbira pa mtanda."

"Walumbira! Mwamva? Mpaka malumbiro!"

Anamuwomba khofi pamaso pa tonse n'kumukokera kunja, anthu a pamsewu ataima kuonerera. Mtsikanayo sanakuwenso. Pakhomo anacheuka kamodzi, ndipo amene anamuyang'ana ndi ine.

Mayi Stamena anandikodola ndi chigongono. "Wachita bwino, mwanawe. Udzu umazulidwa ukadali waung'ono."

Ndinamaliza chakudya changa chonse, ngakhale sindinamve kukoma kwake.

5

Dzuwa lisanalowe holo inali itadzaza kale. Ameya anali pamzere woyamba ndi akazi awo, ansembe pambali, anyamata ophunzira ntchito atapanikizana kumbuyo. Kuseri kwa makatani a Radivoje anali atawagwira bambo Gavra pamalaya.

"Lengezani kuti ndadwala."

"Wadwala chiyani? Masana unadya ngati kavalo."

"Ndiye sinthani sewero. Tichite lakale, lililonse lakale."

"Wapenga? Anthuwa abwerera mlatho, ndipo mlathowo ndaupaka utoto ndi manja angawa. Mbali ya mtsikana uja atenga mayi a kunyumba kwanga, Persida awanong'oneza. Vuto lili pati? Kapena popanda kachibwenzi kako miyendo sikuyenda?"

A Radivoje anawasiya, n'kubwera kwa ine ndikuyatsa kanyali kanga.

"Ndiwe unapita kwa Dobrosav?"

"Ndine."

"Persida, wandipha."

"Simufa lero, m'seweroli mukwatira. Lero mumvera ine, monga kale. Kapena mwaiwala kumene kabokosi kali?"

Anandiyang'ana nthawi yaitali, ndipo ndinaona kuti pali mawu amene afika pamilomo. Koma belu linalira, bambo Gavra n'kuwakankhira ku malo awo. Anangotsomphola buku m'manja mwanga, n'kuyendetsa maso pamasamba oyamba mofulumira, kenako n'kundiponyera. Ndinadabwa pang'ono, koma mkwiyo sunandipatse mpata woganiza.

Chigawo choyamba chinayenda. Ankalumpha mizere, ankapeka mawu awoawo, koma ndi liwu lawo lija ndani akanazindikira? Anthu anaomba m'manja. Ine mumtima ndinkati, mwaona, dziko silinathe.

Chigawo chachiwiri chinkayamba ndi msilikali ali yekha pamlatho, akulankhula ndi mtsinje. Mawu ambiri, tsamba ndi tsamba, popanda wina womuyankha. Makatani anatsegulidwa. A Radivoje anayenda mpaka pakati, dzanja pa lupanga, n'kuima.

Ndinanong'oneza: "Madzi inu, mwaona anthu angati akulumbira pano?"

Anangoima.

Ndinabwereza. Anatembenukira pambali paja pamene Kosara ankaima. Panali chidebe ndi tsache.

Ndinati mumtima, akundichitira dala, akufuna andionetse kuti mawu anga sawafuna. Ndinakweza liwu. Akazi a ameya anamva, n'kuphimba pakamwa ndi mpango. Ndinakwezanso. Mizere yakutsogolo inayamba kuseka. Thukuta linkatsika pankhope ya amuna anga n'kumasungunula utoto.

"Madzi inu, mwaona anthu angati akulumbira pano!"

Apa sikunalinso kunong'ona. Ndinakuwa, holo yonse inamva, mpaka anyamata akumbuyo aja anayamba kubwereza pamodzi ngati ana a sukulu. "Madzi inu! Madzi inu!" Chikhakhali chinabuka ponseponse. Aliyense m'nyumba imeneyo ankawadziwa mawuwo tsopano, kupatula munthu mmodzi.

Ndipo munthu ameneyo anayenda pang'onopang'ono kubwera kutsogolo, n'kuwerama, n'kusuzumira m'kabokosi mwanga. Sanatembenuze khutu monga kale. Ankafufuza ndi maso mumdima muja, ndipo chimene ankafuna chinali pakamwa panga.

Pamenepo ndinazindikira. Amuna anga anali atagontha.

6

Ndinakoka chotchinga cha chitini chija, chikundiotcha zala, n'kukwezera kanyali pankhope panga. Ndinatchula mawuwo ndi milomo yokha, pang'onopang'ono. Ndinaona maso awo akutola. Anaweramuka, anatambasula dzanja, n'kulankhula mzerewo ndi liwu limene linagwedeza mawindo.

Koma madzi anali atatayika kale. Anthu anaona kuwala kukutuluka m'kabokosi, anaona kalonga wawo akuwerenga pakamwa pa mkazi wake.

"Ndi gonthi!" anakuwa wina kumbuyo. "Mlonda wa mlatho ndi gonthi!"

"Adani akabwera amuuza ndani?"

"Muimbireni belu la tchalitchi!"

Mawuwo anayenda mzere ndi mzere mpaka kutsogolo. A Radivoje sanawamve. Koma pa nthawi imeneyo kuwerenga milomo anali atakudziwa bwino, ndipo nyali za pansanja zinkawalitsa mizere yoyamba. Ndinawaona akuyang'ana pakamwa pa ameya, pa akazi awo, pa azimayi omwe aja ankawaponyera maluwa. Paliponse panali liwu limodzi.

Anamasula lamba wa lupanga, n'kuliika pansi bwinobwino pamlatho wa matabwa uja. Anawerama kupereka ulemu, monga ankachitira pakutha pa sewero lililonse, n'kutuluka osathamanga.

Ndinawapeza m'kachipinda ka zovala, atakhala pa bokosi, ndevu zomata zili m'manja. Ndinagwada patsogolo pawo kuti aone nkhope yanga.

"Kuyambira liti?"

"Kuyambira matenda aja. Khutu ili linafa lonse. Ili limangomva phokoso munthu akakuwa pafupi. Kunong'ona ayi."

"Kosara anadziwa bwanji?"

"Tsiku lina pa nsanja anandinong'oneza kuti ndevu zikumatuka, ine osamva. Anabwereza ndi milomo yokha, ndinamva. Mayi ake anali ogontha, anakula akulankhula nawo choncho. Iye ankamva iwe, ine n'kumawerenga iye. Mawu onse anali ako, Persida. Iye ankangondipatsira."

"Bwanji osandiuza ine? Ine mkazi wanu!"

"Gavra akanadziwa, tsiku lomwelo ndikanakhala wonyamula mipando."

"Ine si Gavra."

"Iwe nkhope yako ndi chitseko chopanda loko. Ukanayamba kundiyang'ana mwachisoni, kundikuwira m'kabokosi, sabata isanathe aliyense akanadziwa." Anazyolika. "Komanso manyazi. Ndikanayamba bwanji? Kuti mkazi wanga, mawu ako aja sindikuwamvanso? Ndinkati mwina zitseguka. Tsiku lililonse ndinkati mwina mawa."

"Ndipo masana aja munasiya mwana wa eni akumenyedwa."

"Ndinamusiya." Anaponya ndevu zija pansi. "Ndinaona maso a Gavra, ndinachita mantha. Usaganize kuti ndadzikhululukira."

Ndinawagwira manja. "A Radivoje, ine ndi amene ndina..."

Anatseka maso.

Ndinawagwedeza, ndinawagwira masaya. Maso anali chitsekere. Munthu wogontha akatseka maso ndiye kuti watseka chitseko, ndipo ulibe pogogoda.

7

M'mawa mwake tinapita limodzi kubutchala. A Radivoje anavula chipewa n'kufotokoza zonse, osabisa kanthu, mokweza kwambiri monga amachitira anthu osadzimva. Dobrosav anamvetsera akudula nthiti za nkhumba.

"Ndamva," anatero. "Dzulo ndinamva kale, tauni yonse ikuseka. Ndiye mukufuna nditani?"

"Mulole abwerere," ndinatero. "Alibe mlandu. Ndinalakwitsa ndine."

"Mayi Lukin, nkhani yoyamba ija munainena pano mawindo ali otsegula. Pofika masana inali itafika kumudzi kwa azakhali athu. Yachiwiriyi muiyendetsa ndinu khomo ndi khomo? Anthu akuti gonthi ndi gonthi, koma chitseko chinali chotseka."

"Tingamuone?"

"Ayi."

Tikutuluka ndinakweza maso. Kosara anali pawindo la m'mwamba, tsaya litatupa. Ndinatsegula pakamwa, ndinadziwa kuti iye angawerenge milomo yanga ngakhale ali patali. Anakoka katani.

Chaka chisanathe Dobrosav anamukwatitsa kwa bambo wina wofedwa wa kumudzi, woweta nkhumba, wa ana ambiri. Mtsikana amene akanakhala katswiri wa dera lonse lino. Ndinayesapo kupita kumudziko, apongozi ake anandibweza pachipata.

Bambo Gavra sanatithamangitse. Mbali zazikulu anapatsa mnyamata wina wamyendo yaitali, amene ankatola mawu anga ngati nkhuku yotola chimanga, chimodzichimodzi. A Radivoje anapatsidwa mbali zopanda mawu: msilikali woima pakhomo, wantchito wonyamula thireyi, mtembo wa mfumu. Ndinkawaona ndili m'kabokosi, atagona pamachira maso ali kudenga, pamene mnyamata uja akuononga mawu amene iwo ankaliza nawo tauni yonse. Mayi Stamena anayamba kuuza anthu kuti iwo anadziwa kuyambira pachiyambi kuti mtsikanayo ndi wosalakwa.

8

Owerenga anzanga, ndikudziwa zimene ena mwa inu mukunena. Mukuti safunsa anadya phula. Komatu ine ndinafunsa, kungoti ndinafunsa nditayang'ana kukhoma. Ena mukuti wolakwa ndi mwamuna, akanangoulula. N'zoona, ndipo iye akudziwa. Ine chimene chimandisowetsa tulo n'chakuti zonse zimene ndinauza Dobrosav ndinaziona ndi maso angawa, palibe chimene ndinapeka, komabe zinali zabodza. Inu amene mwaima pachitseko cha wina lero, diso lili pamng'alu, ganizirani zimenezo musanathamangire kubutchala.

Tikukhalabe limodzi, m'kanyumba ka lendi kuno ku Sombor. Zoyendayenda tinasiya. A Radivoje amapaka utoto zikwangwani za masitolo, ine ndimasoka. Sanandimenyepo, sanandinyozepo. Amandiwazira nkhuni, ndikadwala amandiphikira msuzi. Timacheza za mitengo ya zinthu, za mvula, za ana a eni nyumba, ndipo amawerenga milomo yanga mosaphonya. Koma ndikangokonza pakamwa kuti nditchule za Lamlungu lija, amaziona zikubwera, n'kutseka maso mpaka nditasiya. Zaka zonsezi. Tsitsi langa lachita imvi ndili ndi mawu amenewo m'kamwa, ndipo nthawi zina ndimayendayenda m'nyumba ngati ndaiwala china pamoto.

Sindikudziwa ngati amatero pondilanga, kapena poopa kuti ine ndikapepesa, nawonso adzayenera kuyang'ana zimene anamuchita Kosara. Mwina ndi zonse ziwiri.

N'chifukwa chake ndalemba kuno. Magazini ino amaigula mwezi uliwonse, ndipo amaiwerenga yonse, kuyambira pachikuto mpaka pa zotsatsa mankhwala a chifuwa. Sindikudziwa ngati afika mpaka pano, mwina atseka pa tsamba loyamba atangoona dzina langa. Koma ngati mwafika, a Radivoje, ndiye kuti maso anu ndi otsegula. Ndikhululukireni. Ndili kukhitchini, ndipo ndakhala moyang'ana kukhomo.